Chidindo cha Imedi

Mwandifunsa za Joni, Abiti Sumani.
Ine ndikuuzani za msewu,
pakuti Joni ndinamuona masiku khumi okha
koma msewu udakali m'mawondo mwangamu.

Tinanyamuka pa depoti kudakali mdima,
azana ikumveka chakwa Mponda:
ine, Asiyatu, ndi Imedi wa zaka zinayi
amene bambo ake anamusiya ali m'mimba.
M'shangani munali usipa wouma, mpunga, chigumu.
Mapasipoti atatu ndinawamangirira pamchombo
ngati mimba ina.

Pa Liwonde Imedi anafunsa, Tafika?
Pa Zalewa, Tafika?
Pa Mwanza anasanzira nsapato za mayi wa ku Namwera.
Mayiyo anangoseka, nati,
Uyu ndiye wayamba kudinda asanafike pawindo.

Ku Zobuwe anatitsitsa tonse.
Msilikali wolankhula Chipwitikizi ananunkhiza usipa wanga,
natambasula dzanja akuyang'ana kumbali.
Chinenero cha dzanja sichifuna womasulira.

Ku Tete dzuwa limawotcha munthu ali chiimire.
Pamlatho wa Zambezi Asiyatu anakanikiza mphuno pagalasi:
Amayi, kani Shire wathu ndi kamwana?
Ndinamutsina.
Sanyoza madzi amene anakusambitsa uli khanda.

Usiku wa ku Zimbabwe ndi wautali ngati ngongole.
Basi inasanduka nyumba imodzi.
Mnyamata wa ku Makanjira wokasaka ganyu
anamuika Imedi pamiyendo kuti ndiwongoleko msana,
mayi wa nsapato uja anagawa mbatata yozizira,
kumpando wakumbuyo wina ankalira chamumtima
ndipo tonse tinachita ngati ndi injini.

Pa Beitbridge tinaima pamzere mpaka mapazi kutupa.
Mnyamata uja anamubweza.
Anatsala kuseri kwa waya, jumbo m'manja,
atakweza dzanja ngati wopepesa.
Amalume atsaliranji? anafunsa Imedi.
Ndinati, Aiwala kanthu kunyumba.

Pa Park Station bambo ake anabwera m'jekete lalikulu,
owonda kuposa apachithunzi cha pafoni.
Anagwada pasimenti, manja onse chitambasulire.
Imedi analowa m'chitenje changa
nanong'ona, Awanso akufuna pasipoti?
Mwamuna wanga anaseka.
Kuseka kumene kuja, Abiti Sumani,
bola akanangolira.

Tinagona anayi m'kachipinda kamalata,
mbaula ya magetsi kumiyendo, njinga yaantchito kumutu.
Anamugulira nsapato zoyaka magetsi,
anamunyamula paphewa kukaona sitima,
mwana ali duu.
Tsiku lachisanu ndi chinayi, akutsuka m'kamwa,
mpamene anati, Ababa, madzi.
Bamboyo anatayikitsa kapu yonse.
M'mawa mwake tinakwera yobwerera.

Za nyumba zazitali musandifunse,
ndinkayang'ana pansi kuti ana asandipulumuke.

Koma taonani uko, pansi pa mlambe.
Wajambula mzere pamchenga,
chitsekerero cha botolo amachiviika m'matope,
masamba a mango ndiwo mapasipoti.
Nkhuku zimadutsa ulere.
Mbuzi ya Che Ajasi imalipira ya fanta.
Asiyatu anamusunga theka la ola padzuwa
ati chithunzi sichikufanana.

Dzulo wandiimitsa ine ndikuchokera kumjigo,
ndowa ili pamutu, madzi akutsikira m'khosi.
Mayi, mapepala anu sanakwane, bwererani.
Ndinati, Pepani bwana.
Nanga bambo anu akadzafika pamzerepa?

Anakhala chete, chidindo chili m'mwamba,
matope akudontha pachigongono,
nsapato zija zitaleka kale kuyaka.
Kenako anati,
Iwowo ndidzawadindira yolowera.
Yotulukira ndilibe.